Makina oona m'kati mwa mutu, ndi chifukwa chake ndikubwereza Fomu 4

(Awa ndi mawu omwe mnzathu anayankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano kuti amene sanabwere awerengeko.)

Ndalemba papepala chifukwa ndikaima pagulu mawu amandithawa, ndiye mukaona ndikuwerenga ngati wa pawailesi mungondipirira.

Atandiuza kuti sabata ino ndi ine woyankhula za ntchito zomwe timalakalaka, ndinafuna kukana. Amene anayankhula m'mbuyomu anali ndi choonetsa. Wina ali kale ku TTC, wina geni yake ya kachewere ikuyenda. Nanga ine? Zaka 20, Fomu 4 ndinalemba kale, koma masana aliwonse mumandiona ndi chikwama ndikuthamangira ku open. Ndikudziwa ena mumafunsana kuti, "Kodi mtsikana uja analakwa mayeso?" Sindinalakwe ayi, satifiketi ndili nayo. Koma Physics ndinapeza 8, Masamu 7, ndipo kumene ndikufuna kupita manambala awiri amenewo ndi loko wa pachitseko. Ndikuuzani kumene ndikufuna kupitako, koma ndiyambe ndi chomwe chinandiyambitsa.

A malume anga ndi a kabaza, a njinga yamoto. Chaka chatha, tsiku lina masana akutsika kuchokera ku Tsangano, mbuzi inadumphira mumsewu. Pozemba mbuziyo anagwa n'kumenyetsa mutu pansi, mbali iyi ya pamwamba pa khutu. Helemeti inalipo, koma inali pachiwongolero, mukudziwa mmene amachitira. Anadzuka okha, kudzisasa fumbi, kuliza njinga mpaka kunyumba. Anafika akuseka, akutukwana mbuzi. Nsima anadya.

Chakumadzulo anayamba kudandaula mutu. Kenako kusanza. Kenako kuyankhula zosagwirizana, n'kumangofuna kugona. Ena pakhomo anati mwina alawako, asiyeni agone. Amayi anga anakana, anati mchimwene wawo amamudziwa, uku si kuledzera. Tinathamangira nawo kuchipatala. Amene anawaona kumeneko anawaunika m'maso ndi katochi, ndipo anatiuza kuti mwana wa diso limodzi wakula kuposa mnzake, chizindikiro choti m'mutu muli chinthu chikupanikiza ubongo. Anati munthuyu akufunika CT, ndipo CT ili ku Lilongwe. Aka kanali koyamba kumva zilembo ziwirizi. Ine ndinafunsa kuti bwanji osangowajambula X-ray pompano? Anandiyankha mwachidule kuti X-ray imaona fupa, siyiona magazi omwe ali kuseri kwa fupalo.

Tinakwera ambulansi usiku womwewo, ine ndi amayi ngati magadiyani. Kuchoka pa boma pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 150. Ndayendapo msewu wa M1 kangapo, koma usiku umenewo Lizulu anali kutali, Dedza anali kutali, ndipo a malume anasiya kuyankha tikawaitana.

Titafika anawalowetsa m'chipinda chozizira, momwe munali chimakina chokhala ngati donasi wamkulu woimika, ndi kabedi kolowa pabowo lake. Amene ankayendetsa makinawo anali mayi, osati wamkulu kwenikweni. Anawagoneka a malume, kuwongola mutu, kuumanga ndi kalamba, n'kupita kuseri kwa galasi. Sipanathe mphindi khumi anali atamaliza. Dokotala anaitana amayi kuti awaonetse pa kompyuta, ine ndinasuzumira pambuyo pawo. Chigaza chinali choyera mozungulira, ubongo wotuwa, ndipo mbali imodzi panali chinthu choyera chooneka ngati ndimu, chitakankhira ubongo uko. Amenewo anali magazi. Mtsempha unang'ambika pomwe anamenyetsa paja, ndipo magazi ankadzaza pang'onopang'ono pakati pa fupa ndi chikuto cha ubongo, nthawi yonse imene iwo ankaseka ndi kudya nsima. Usiku womwewo analowa ku fiyeta. Lero ali moyo, ambiri mumawadziwa, ndipo helemeti savula ngakhale akupita pagolosale.

Apa ndipatuke pang'ono, poti ena muno muli ndi achimwene a kabaza, ena mumakwera tsiku ndi tsiku. Munthu akamenyetsa mutu n'kudzuka bwinobwino, nkhani sinathe. Mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamasanza, akamasokonezeka kapena kuodzera mosadziwika bwino, musamusiye kuti agone. Thamangani naye. Ife tinatsala pang'ono kumvera aja ankati alawako.

Tinakhala kuchipatala kuja masabata awiri ndi theka. Ugadiyani ndi ntchito yodikira, ndiye ndinali ndi nthawi yambiri. Tsiku lomwe a malume anabwerera kukajambulidwa kachiwiri ndinalimba mtima n'kuwafunsa mayi aja kuti, "Asisi, kodi inu ndinu adokotala?" Anaseka. Anati iwo ndi radiographer, munthu amene amajambula. Dokotala amene anaphunzira mwapadera kuwerenga zithunzizo n'kulemba lipoti amatchedwa radiologist, ndipo ameneyo amayamba wamaliza udokotala wonse kaye. Ntchito ziwiri zosiyana, koma wowerengayo sangaone chomwe wojambulayo sanachigwire. Ndinawafunsa mafunso mpaka anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, odwala akundidikira, ubwere nthawi ya nkhomaliro." Ndinabweradi, katatu. Zambiri zomwe ndinene pano zinayambira pa nkhomaliro zimenezo, zina ndawerenga ndekha pafoni bandulo ikalola.

Kodi CT n'chiyani? Ndigwiritse ntchito kachewere, poti ndife a ku Ntcheu. Mukatenga kachewere n'kumuunika ndi tochi, pakhoma pamabwera chithunzithunzi chimodzi. Kutsogolo, pakati ndi kumbuyo kwake zonse zasanjikizana pamodzi. X-ray wamba ili choncho: cheza chimadutsa m'thupi, fupa limachitchinga kwambiri n'kuoneka loyera, mpweya suchitchinga n'kuoneka wakuda, koma zonse zili mulu umodzi. Tsono mukafuna kudziwa pomwe kachewereyo waola m'kati, mumamudula mapisi. CT imadula munthu mapisi popanda mpeni. M'kati mwa donasi uja muli chubu chotulutsa X-ray mbali imodzi, ndi tizipangizo toyeza cheza mbali inayo. Ziwirizi zimazungulira thupi mwaliwiro, kuzungulira kamodzi sekondi isanathe, uku kabedi kakusuntha pang'onopang'ono. Kompyuta imatenga miyeso yonse ya mbali zosiyanasiyanazo n'kuwerengera kuti kadontho kalikonse m'kati kanatchinga cheza chochuluka bwanji. Chithunzi chomwe mumaonacho si foto ayi, ndi yankho la samu.

Ndipo kadontho kalikonse kali ndi nambala yake. Madzi ndi 0. Mpweya ndi -1000. Mafuta a m'thupi ali cha m'ma -100. Ubongo uli cha m'ma 30 mpaka 40, magazi omwe angoundana kumene amakwera cha m'ma 60 kapena 70, fupa lolimba limapitirira 1000. N'chifukwa chake ndimu ija inaoneka yoyera pambali pa ubongo wa a malume. Kusiyana kwake n'kochepa, manambala 30 okha basi, koma moyo wawo unali pamenepo. Ine amene ndinkati manambala a minus ndi chilango cha aphunzitsi a Masamu, ndinachita manyazi.

Manambalawa amatchedwa ma Hounsfield, dzina la munthu amene anapanga makina oyamba, Godfrey Hounsfield wa ku England. Mbiri yake imandilimbitsa mtima. Analibe digiri ya kuyunivesite. Za magetsi ndi radar anaziphunzira ali ku gulu lankhondo la ndege pa nkhondo yachiwiri, kenako n'kutenga dipuloma. Ankagwira ntchito ku kampani ya EMI, yomweyo imene inkatulutsa nyimbo za a Beatles. Wodwala woyamba anajambulidwa pa 1 Okutobala 1971 ku Atkinson Morley Hospital ku London, mayi amene ankamuganizira kuti ali ndi chotupa muubongo, ndipo chinaonekadi. Mu 1979 Hounsfield analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Allan Cormack, amene anali atakonza kale masamu ake payekha, awiriwa asakudziwana. Cormack ameneyu anabadwira ku Johannesburg, ndipo maganizowo anamubwerera mu 1956 akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Ndiye anzanga amene mtima uli ku Joni, dziwani kuti Joni yemweyo anatulutsanso zina, osati ma piece work okha.

CT si ya ngozi zokha. Agogo akadwala sitiroko, pali mitundu iwiri: mtsempha wa muubongo watsekeka, kapena waphulika. Kunja zizindikiro zimafanana, pakamwa kupotoka, mkono ndi mwendo kufooka. Koma mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, omwe amathandiza woyambayo, akhoza kumupweteka wachiwiriyo. Chithunzi cha CT ndicho chimalekanitsa. Odwala khansa nawonso amajambulidwa kuti adziwe pomwe chotupa chafika, ndiponso pokonza pomwe cheza chochizira chikalunjike. Musaisokoneze ndi MRI, ija imagwiritsa ntchito maginito, mulibe X-ray. MRI yoyamba ya dziko lino inafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo kudzera m'makina amenewo madokotala, mmodzi wa iwo Mmalawi mnzathu Dr Sam Kampondeni, anasonyeza mu 2015 kuti ana ambiri omwe amamwalira ndi malungo a muubongo amafa chifukwa ubongo watupa. Dziko lonse linaphunzira zimenezi kuchokera ku Malawi kuno.

Tsono funso lenileni: munthu wa ku Ntcheu ngati ine ndi inu angafike bwanji kuseri kwa galasi lija?

Chinthu choyamba chomwe asisi aja anandiuza chinandikhumudwitsa. Palibe kozi yotchedwa CT yomwe ungalowe kuchokera ku Fomu 4. Umayamba ndi radiography yonse. Ku Malawi College of Health Sciences, kampasi ya ku Lilongwe, kuli dipuloma ya Radiography, ya zaka zitatu. Ku MUST, yunivesite ija ili ku Thyolo, kuli digiri ya Medical Imaging, ndipo kumeneko umalowera pa chisankho cha mayunivesite aboma chomwe chimadutsa ku NCHE. Konseko amayang'ana makirediti asanu ndi limodzi a MSCE, ndipo maso awo amakhala pa Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Kirediti ndi 6 kutsika m'munsi. 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Mwaona tsopano pomwe ine ndinagwera? Ndipo kukwanitsa zomwe akufunazo sikulowa, chifukwa ofunsira ndi ambiri, malo ndi ochepa. Chilengezo chikatuluka muzichiwerenga nokha mzere ndi mzere, osadalira zomwe wina watumiza pa gulu la WhatsApp, ngakhale zomwe ndikunena inezi.

Ukalowa umaphunzira thupi la munthu, fupa lililonse ndi dzina lake, chiwalo chilichonse ndi pomwe chimakhala. Umaphunzira Physics ya cheza, mmene makina amagwirira ntchito, kagonekedwe ka wodwala pojambula chifuwa, msana, chiuno, dzanja, kusamalira wodwala, ndi kuteteza anthu ku cheza. Nthawi yambiri umakhala m'chipatala ukugwira ntchito pansi pa akuluakulu. Ukamaliza umalembetsa ku Medical Council of Malawi kuti uloledwe kugwira ntchito. CT imabwera pamwamba pa zonsezi. Makinawa ali m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, ndi zina zoyima pazokha za m'tauni, choncho luso lake umalinola ukugwira ntchito pomwe pali makinawo, ndi maphunziro apadera pambuyo pake. Ngakhale ku America n'chimodzimodzi: umayamba wakhoza radiography, kenako n'kujambula odwala okwana nambala yomwe akufuna, ndiye n'kulemba mayeso ena a CT ku bungwe lawo la ARRT. Ofuna kupitiriza pafupi, ku South Africa kuli mayunivesite ophunzitsa radiography, monga University of Johannesburg ndi Cape Peninsula University of Technology.

Chovuta pa CT, anatero asisi aja, ndi kuphunziranso thupi lomwe unkaganiza kuti ukulidziwa. M'buku la Biology timaona mtima, chiwindi ndi impso zitajambulidwa kuchokera kutsogolo. Pa CT ukuziona zitadulidwa chopingasa, ngati ukuyang'ana munthu kuchokera kumapazi, ndiye dzanja lake lamanja lili kumanzere kwako. Palinso mankhwala a ayodini omwe amabaya mumtsempha kuti mitsempha ndi zotupa zioneke bwino. Usanabaye uyenera kudziwa ngati impso za munthuyo zili bwino, ngati sanadanepo ndi mankhwalawo, ndipo uyenera kumuchenjeza kuti amva kutentha thupi lonse ngati wadzikodzera, koma sanatero. Ukapanda kumuuza adzadzidzimuka n'kugwedezeka, chithunzi chaonongeka, ndipo kubwereza ndi kumupatsa munthu cheza kawiri. Nthawi yoyambira kujambula mankhwala atalowa amaiwerenga m'masekondi. Amene amati ntchitoyi ndi kungodina batani sanaione.

Tsopano nkhani yomwe yandivutitsa kwambiri kunyumba. Azakhali anga atamva anandiitanira pambali. "Mwanawe, ntchito ya ma X-ray imaumitsa. Sudzabereka. Bwanji osangopanga unesi ngati anzako?" Sindinawayankhe mwamwano, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera. Cheza chimenechi chikachuluka chimaononga, ndipo anthu oyambirira kugwira nacho ntchito, Wilhelm Röntgen atangochitulukira mu 1895, ambiri anapsa manja, ena anafa ndi khansa, poti sankadziwa kudziteteza. Koma lero chimayezedwa. Muyeso wake ndi millisievert. Tonsefe pano, popanda kupita kuchipatala, timalandira pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba. X-ray ya pachifuwa ndi 0.1 kapena kucheperapo. CT ya mutu ndi pafupifupi 2, ya pamimba imafika cha m'ma 8 mpaka 10. Mukuona kuti CT si yoseweretsa, n'chifukwa chake sajambula munthu chifukwa choti wangofuna, ndipo mayi aliyense amayamba wafunsidwa ngati ali woyembekezera. Koma manambala amenewo ndi a wodwala amene wagona pakabedi. Wojambulayo ali kuseri kwa khoma ndi galasi la mtovu. Akafunika kukhala m'kati amavala epuloni ya mtovu. Pachifuwa amavala kabaji koyeza cheza chomwe walandira, ndipo malire omwe mayiko amatsatira kwa wogwira ntchito ndi 20 pachaka. Kuno kwathu bungwe loyang'anira zimenezi ndi Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe linabwera ndi lamulo la 2011. Palinso lamulo lina la Physics lomwe ndinkaliloweza osalimvetsa: ukatalikira kawiri kuchokera pomwe cheza chikuchokera, mphamvu yake imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Makina akazima, cheza chatha, sichitsalira m'chipinda kapena m'zovala. Ndinawafotokozera azakhali zonsezi, anangogwedeza mutu. Chomwe chinawafewetsa pang'ono ndi pomwe ndinawauza kuti asisi aja ali ndi ana atatu.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse ndi zokoma. Ngozi sizidziwa usiku kapena Khirisimasi, ndiye umaitanidwa nthawi iliyonse. Umanyamula odwala olemera, ena magazi ali chuchuchu, ena aledzera akukutukwana. Makina otere akaonongeka, zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo odwala amadikira. Ukamaliza sukulu ntchito siyikudikira pachipata, ena amakhala kaye pakhomo. Fizi nayo ndi phiri. Amene wasankhidwa ku yunivesite akhoza kupempha ngongole ku Loans Board, koma sikuti aliyense amapatsidwa. Ndipo pali china chomwe asisi aja ananena chomwe sichindichoka m'mutu. Iwo ndi amene amayamba kuona. Munthu walowa akumwetulira, akuti ndi chilonda cha m'mimba chabe, pa kompyuta pakutuluka chiwindi chodzaza zotupa. Akadzuka amafunsa, "Mwaona chiyani, adokotala?" Ndipo si udindo wako kumuuza, umangoti zotsatira akakuuzani amene anakutumizani, nkhope yako osasintha. Ndadzifunsa ngati ndingathe zimenezo. Kunena zoona sindinadziyankhe. Koma ndikakumbukira usiku uja, ife tili panja tikunjenjemera, m'katimo muli munthu mmodzi wodekha amene akudziwa chochita ndi manja ake, ndimafuna kudzakhala munthu ameneyo.

Kwa azing'ono athu omwe muli Fomu 2 ndi Fomu 3, mverani ine amene ndalawa. Nthawi yosankha maphunziro ikafika, musathawe Physics ndi Chemistry chifukwa choti anzanu akuti n'zovuta, kapena kuti sayansi ndi ya anyamata. Ine sindinaisiye Physics, koma ndinkakhala kumbuyo, ndikuwerengera kuti mapointi ndikawapeza ku maphunziro ena. Ndinawapezadi, koma sakunditsegulira khomo lomwe ndikulifuna. Kusukulu kwathu labu inali dzina chabe, zoyeserera zambiri tinkangozimva m'buku, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkanamizira zimenezo. Koma m'kalasi lomwelo, ndi labu yomweyo, mnzanga wina anapeza 3. Ndiye mlandu wina ndi wanga.

Fizi ya ku open akundilipirira ndi a malume omwe aja, ndalama ya pa kabaza. Anandiuza kuti, "Iwe ukhoze, tsiku lina udzandijambule waulere." Ndinati Mulungu asalole kuti mudzafunikenso kujambulidwa. Mvula ikagwa amandisiya okha pasukulu, ndipo helemeti yachiwiri anagula chifukwa cha ine. Mayeso a MANEB akubwerawa ndikufuna 4 kapena kuposera apo pa Physics ndi Masamu. Ndanena pagulu dala, kuti mukandiona ndikucheza pamsika nthawi ya kalasi mundithamangitse.

Pempho langa kwa a tcheya ndi ili. Muno tilimo angapo obwereza, ndawerenga asanu, ndipo aliyense akuvutika payekha. Holo ino Loweruka m'mawa imakhala yopanda anthu mpaka nthawi ya msonkhano. Mutilole tizikumana 8 koloko, maola awiri, Physics ndi Masamu basi. Amene muli ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo mubwere nawo, ngakhale ong'ambika. Achimwene athu omwe munakhoza bwino sayansi ndipo muli pa holide, tithandizeni ngakhale kamodzi pamwezi. Ine ndibweretsa choko ndi buku langa la Fomu 4, ndipo sabata yoyamba tiyambe ndi mutu wa electromagnetic spectrum, poti X-ray ili momwemo.